Mafuta a Mariamu wa ku Chia

M'chaka cha 1952, Hubert Maganizo ankaphunzitsa pa sukulu ya mishoni ku Nkhotakota, ndipo ndiye ankagulanso chakudya cha ana ogonera pasukulupo. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali mafuta a mtedza. Dzuwa la Okutobala likafika, mafutawo ankayamba kununkha ndi kuyabwa pakhosi mwezi usanathe.

Tsiku lina mayi wa ku Chia dzina lake Mariamu, woyenga mafuta, anabwera ndi mabotolo mudengu. Hubert ataona kuti mafutawo ngoderapo, anakwinya nkhope.

"Mayi, mwathiramo chiyani umu? A mtedza satere."

"Ndathiramodi, aphunzitsi," anayankha Mariamu mosatekeseka. "Chitowe. Tiyeni panja mukaone."

Anandandalika mabotolo atatu pakhonde, dzuwa lili kumbuyo. Kuwala kunapyola m'mafuta n'kukagwa pakhoma lalaimu. Botolo la mtedza wokha linaponya chikasu chotuwa ngati udzu wouma. La chitowe linaponya kufiira kwa tiyi wopanda mkaka. Lachitatu, losakaniza mafuta awiriwo, linali ngati uchi wongofula kumene.

"Makapu atatu a mtedza, imodzi ya chitowe," anatero. "Ndikapyoza, mandasi amawawa. Ndikachepetsa, mafuta safika mvula yoyamba."

Hubert anagula, koma sanakhutire. Sabata yotsatira anasakaniza yekha mabotolo anayi, lililonse muyeso wake, n'kulemba miyesoyo kunsi kwa mabotolo. Mariamu atabwera, anamupempha kuti awayese.

Mayiyo anayang'ana khoma, napendeketsa botolo lililonse kuti aone m'mene mafuta akutsikira. Miyeso ya mabotolo atatu anaitchula osaphonya. Pa lachinayi anaseka.

"Apa mwandiyesa, aphunzitsi. Muli a kokonati. Talimizani mumtsuko wa madzi ozizira."

Hubert analimiza. Atalivuula, mafuta anali atachita mitambo yoyera. Anawayang'anitsitsa, botolo likudontha madzi m'manja. Iye anali atawerenga m'buku za kuwala kodutsa m'madzi ndi m'galasi, koma anali asanaonepo munthu akuyeza chinthu ndi kuwalako.

Mvula yoyamba inagwa mafuta a Mariamu akadali bwinobwino. Sukulu itatsegulidwanso, Hubert anapalasa njinga mpaka ku Chia kukamupempha kuti adzaphunzitse ana a Sitandade 5.

"Ine sindidziwa kulemba," anatero Mariamu.

"Kulembako ndilemba ndine, mayi."

Anabweradi Lachitatu, dengu pamutu. Hubert anamusiyira kutsogolo kwa kalasi, iye n'kukadzipanikiza pabenchi pakati pa ana, kope lili pamaondo.