Tambala Anachira Yekha

Tambala atalumphira pathandala la usipa n'kulira, Fexon anaomba m'manja ali chigonere pamphasa.

"Mayi a Tiyezge, tabwerani mudzaone! Wodwala mnzanga wachira. Kwatsala ine tsopano."

Jessie anatuluka ndi beseni la madzi otentha, koma sanaseke. Tambalayo anali wamankhwala. Tsiku limene mwendo wa mwamuna wake unathyoka, mzee Kasian, wolunga mafupa wa ku Tingi, anathyolanso mwendo wa tambala, n'kumanga miyendo yonse iwiri ndi timitengo. Anati tambala akadzaponda pansi, munthunso aponda. Ndipo tisawanamizire mkuluyu, anthu ambiri a pa Mbamba Bay, kutsidya la nyanja ku Tanzania, anayendadi atadutsa m'manja mwawo. Koma apa tambala anali atayamba kale kuthamangitsa misoti, pamene ntchafu ya Fexon inkangotupirabe.

Kathyokedwe kakenso kanali kachilendo. Fexon anachoka ku Nkhata Bay ali mnyamata n'kudzakhala wopha mbuzi pamsika, ndipo anali munthu wadzitho. Sanagwe mumtengo kapena pa njinga yamoto ya bodaboda. Anangotsika pakhonde mbuzi ili paphewa, fupa n'kungoti thyo! ngati phesi louma.

Mzee Kasian atabwera kudzasintha timitengo, Jessie analephera kudzigwira.

"Mzee, tambala wanu uyo akuvuta nkhuku za eni. Nanga awa ayenda liti?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anayankha Fexon. "Tambala alibe mimba yonga yangayi."

Mzee sanaseke nawo. Anasisita ntchafuyo nthawi yaitali, kenaka anapukuta manja pathalauza.

"Pole, shemeji, pepani alamu anga. Ine ndimalunga fupa ndi fupa linzake. Pano zala zanga sizikupeza cholunga. Pitani nawo kuchipatala."

M'mawa mwake Jessie anamutengera Fexon kumeneko.

Kuchipatala, dokotala wina wamkazi dzina lake Upendo anaimika chithunzi cha mwendowo pawindo kuti onse aone. Fupa linali mabowo okhaokha ngati nsungwi yofumbwa.

"Kunyumba muli ndi agalu?" anafunsa m'Chiswahili chapang'onopang'ono.

"Alipo. Ndi ana anga amenewo."

"Nanga mukapha mbuzi n'kupeza chiwindi chili ndi matuza amadzi, mumatani nacho?"

Fexon anadzutsa mutu monyada. "Sindigulitsa ine. Mukafunse msika wonse. Ena amangoboola matuzawo n'kupimira anthu. Ine ndimaponyera agalu anga."

Dokotala anayamba kufotokoza. Matuza aja, anatero, ndi ana a njoka zam'mimba. Galu akadya, njokazo zimakulira m'matumbo mwake, mazira ake n'kumatuluka ndi chimbudzi, kumamatira kuubweya ndi kukamwa. Munthu akawameza, matuza amamera m'thupi mwake, kawirikawiri m'chiwindi. Kwa Fexon anasankha fupa, ndipo akhala akulidya mwakachetechete kwa zaka.

Jessie anakumbukira agalu aja akunyambita manja a mwamuna wake madzulo alionse. Anakumbukiranso mmene iye mwini ankadzitamira kwa amayi anzake kuti anakwatiwa ndi munthu wosadyetsa anthu zoola. Anafuna woti amukwiyire, koma sanamupeze.

"Mankhwala tikupatsani," anapitiriza dokotala, "koma fupa limeneli silingabwerere. Mwendo uyenera kudulidwa matuza asanafike m'chiuno. Akafika kumeneko, ifenso manja athu afupika."

"Wopha mbuzi wamwendo umodzi munamuonapo?" Fexon anaseka. "Ndiye kuti mbuzi izindigwetsa pamaso pa anthu? Mayi a Tiyezge, tiyeni kwathu."

Anabwereradi. Jessie anachita zonse zimene mkazi angachite. Anathowa mwendowo, anaitana a mpingo kudzapemphera, anagwada n'kuchonderera. Anamwetsa agalu mankhwala a njoka monga anauzidwira, ngakhale ankadziwa kuti madzi anali atatayika kale. Akakhuta chisoni ankapita kuseri kwa bafa kukalira kuti mwana wawo Tiyezge asamuone. M'mawa uliwonse ankayeza chotupacho ndi chikhatho, n'kupeza kuti chakwerako. Fexon yekha ankangoyang'ana tambala.

"Anatenga nthawi nayenso," ankatero. "Ine ndine wamkulu thupi."

Tsiku lina m'mawa anapempha ndodo. Jessie anakana, koma mwamunayo anaumirira. Anadzikoka ndi mzati wa khonde, thukuta lili kamukamu, n'kuyesa kuponda pansi. Kukuwa kwake kunatulutsa anthu m'nyumba zoyandikana. Atamugoneka pamphasa, tambala uja anadutsa pafupi ndi mutu wake, akuyenda monyang'wa, osatsimphina n'komwe.

Fexon anamutsatira ndi maso mpaka anakalowa m'chinangwa.

"Mayi a Tiyezge."

"Ndili pano."

"Tambalayo mukawabwezere mzee Kasian. Iye wachita mbali yake. Ndipo mukauze dalaivala Onesmo abwere ndi galimoto yake ija, tibwerere kuchipatala."

Jessie anatembenuka. Analowa m'nyumba n'kuyamba kulongedza: zitenje, bulangete, sopo, kapu. Pomaliza anatenga nsapato zachikopa zimene Fexon ankavala popita kutchalitchi, n'kuzipukuta fumbi.

"Zonse ziwirizo n'zachiyani?" anafunsa Fexon ali pamphasa paja. "Yakumanjayo isiyeni."

Jessie anaima nayo m'manja, osadziwa poiika. Kenaka anaiika pakhonde. Galimoto itafika, anthu ananyamula Fexon n'kumugoneka kumbuyo. Pamene ankanyamuka, Jessie anacheuka. Galu wamkulu mwa agalu aja anali atanunkhiza nsapatoyo n'kugona pambali pake, kudikira mwini wake.