Dzina Kuseri kwa Pepala

Kwa zaka makumi atatu, bambo Kuwabara ankasonkhanitsa zojambula za malemu Iseya, katswiri wa ku Osaka yemwe ankajambula akazi ovala madiresi amakono nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha. Tsiku lomwe anaziika pachionetsero, mayi wina wokalamba anaima nthawi yaitali patsogolo pa chithunzi cha mkazi wa ambulera yachikasu.

"Ichi si cha Iseya," anatero mayiwo. "Ndinajambula ndine. Iye ankangosaina."

Anthu anasiya kucheza. Kuwabara anawayandikira mayiwo.

"Mayi, mwina mwasokoneza."

"Ndakalamba, bambo, koma sindinapenge. Chichotseni m'galasimo muone kuseri."

Kuwabara anamasula timisomali togwira galasilo. Kuseri kwa pepala kunali dzina lolembedwa ndi pensulo, laling'ono ngati nyerere: Sumie.

"Ndinali wantchito wake zaka zisanu ndi chimodzi," anatero mayi Sumie.

Kuwabara anayang'ana makoma onse anayi.

"Zanu zilipo zingati muno?"

"Mukufunadi kudziwa?"

Kuwabara anawagwira mkono, n'kuyamba nawo kuona zithunzi zonse kuyambira cha pakhomo. Anapeza za mayi Sumie khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo pansi pa chilichonse analemba yekha dzina la mayiwo.