Dzanja Lamanzere la a Lorenso

Mkono wamanzere wa amuna anga, a Lorenso, unapita ndi ng'ona pa Shire, kuyambira m'chigongono kutsika. Musandimvere chisoni, chonde. Anthu anatimvera chisoni chokwanira m'chipatala pa boma paja mpaka ine ndinatopa nacho. Munthuyo ali moyo, amadya bwino, ndipo mkonono wake sunachepe ngakhale pang'ono.

Atachira anati za bwato basi, sadzakweranso. Tinagulitsa maukonde ndi ng'ombe zimene bambo anga anandisiyira, n'kugula kagalimoto kakale kochokera ku Japan, kaja kosintha magiya kokha. Laisensi anali nayo kale, ya nthawi imene ankayendetsa magalimoto kuminda ya nzimbe. Pachiwongolero anamangitsapo kanthu kozungulira ngati dzira kuti azitha kukhota ndi dzanja limodzi. Tinayamba kugula mlamba ndi mphende zowamba kwa asodzi a kudambo n'kumakagulitsa ku Limbe.

Tsono inu amene mumangokwera minibasi n'kuyamba kuodzera, tamverani. Kuseri kwa chiwongolero kuli timitengo tiwiri. Ka kumanja ndi ka nyali. Mukakatsitsa, indiketa ya kumanja imaphethira. Mukakakweza, ya kumanzere. Mukapotoza kunsonga kwake nyali zakutsogolo zimayaka, mukakakankhira kutsogolo zimawala mpaka patali, mukakakokera kwa inu ndiye kuti mwaphethirira mnzanu amene akubwera kutsogoloko. Zonsezi a Lorenso amachita ndi zala zokha osasiya chiwongolero, ndipo amazichita mokoma, ndisaname. Koma ka kumanzere ndi ka mawaipa, timikono tija topukuta galasi mvula ikamagwa, ndipo kumanzereko a Lorenso alibe chala ndi chimodzi chomwe. Kachidutswa ka mkono kotsalako kamatsamira chiwongolero, koma pakamtengopo sikafikapo.

Ndiye kamtengo kameneko kanali kanga. Ine Clotilda, mpando wa kumanzere, dzanja langa lili chire pafupi. Ndipo ntchitoyo ndinkaidziwa, musaganize kuti ndinkangogwedeza chilichonse. Mvula yowaza, katsitseni kamodzi, mawaipa apukute n'kupuma, apukute n'kupuma. Ikalimba, tsitsaninso. Chikabwera chimvula chakumapiri chija chosaona ngakhale boneti, kafikitseni pansi penipeni azithamanga. M'chilimwe, fumbi likamata galasi, simupukuta pouma ayi, mukanda galasi. Mumayamba mwakakokera kwa inu kuti madzi afaye. Lole ya nzimbe ikamabwera pamalo a matope, ine ndinkayatsiratu isanatidutse. A Lorenso sankandiuza kanthu, ngakhale liwu limodzi. Ankangoyang'ana msewu, galasi n'kumayera lokha.

Kuchigwa kuno zikanatheka popanda ine, msewu ndi wowongoka, munthu akhoza kuima pambali. Koma mukadutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera, ndi makona okhaokha, uku thanthwe uku phompho, kutsogolo lole ikulira, kumbuyo minibasi ikukukankhani. Kumeneko wa dzanja limodzi sasiya chiwongolero ngakhale kuti akande mphuno. Ndinkanyada, ndikunena poyera. Akazi anzanga kutchalitchi ankanong'onezana kuti ndimalondera mwamuna, ati sindimusiya apume. Ndinkangoti aziyankhula, akatopa agona.

Mu Januwale mwana wathu Glory anachira mwana wake woyamba ku Nsanje, ndipo ndinapita kukamusamalira. Ndinakhalitsako, chifukwa Glory anali wofooka ndipo apongozi ake ndi anthu oti madzi osamba amawaiwala pamoto. Mvula nayo inachita kukhazikika. Pobwerera ndinamva fungo ndisanalowe m'nyumba. Nsomba zonse zinali zitachita nkhungu m'madengu, galimoto ili pansi pa mtengo wa nimu, udzu utamera kuzungulira matayala. Mayi wa pafupi nafe anandiuza kuti a Lorenso anayesapo kunyamuka okha tsiku lina kutacha bwino, koma atafika pa Thabwa kunada kumapiri, anatembenuka n'kubwerera ndi katundu yense.

Ine ndinaseka. Ndinati mwaonatu, bambo a Glory, galimoto imeneyi dalaivala wake weniweni ndine, inu mumangogwirizira chiwongolero. Ndimayesa aseka nane monga amachitira. Sanaseke. Anatenga madengu aja limodzilimodzi, dengu pachiuno, kukataya kudzala, ndipo anakana kuti ndiwathandize.

Madzulo tikudya anandiuza kuti ayankhula ndi a Symon, wokonza magetsi a galimoto pa Dyeratu, ndipo a Symon anena kuti n'zotheka kusamutsa za mawaipa kuti zibwere kumanja.

"Kuti ndizitha kuyenda ndekha," anatero.

Liwu loti ndekha limenelo linandilowa ngati munga. Ndinawafunsa ngati ndinawagwetserapo m'phompho. Ndinawafunsa amene anawadyetsa ndi sipuni miyezi yonse ija. Ndinawauza kuti zala zawozo zili kale ndi indiketa, nyali, hutala ndi chiwongolero, akufuna zisenzenso mvula, kodi ndi zala kapena ndi bulu? Ndinayankhula zambiri, zina zosayenera kuzibwereza, ndipo nditatha Chichewa ndinapitiriza m'Chisena. Iwo anangoti nkhabe, ayi ndithu, mawa tipita. Koma chimene chinkandiwotcha sindinachitchule. Ndinkaopa. Mwamuna wopukuta yekha galasi lake, mkazi wa pampando amufuniranji? Ndinaona ndikutsala pakhomo ndi nkhuku, iwo akukwera mapiri okha, ndipo mtima unandiwawa kwambiri.

M'mawa ndinavala chitenje changa chatsopano n'kukwera nawo. Ndinati ngati ndi nkhondo ndikaimenyera komweko.

A Symon ndi bambo wamfupi wa imvi, woyankhula pang'onopang'ono mpaka umafuna kumuthandiza kumaliza mawu. Garaja yawo ndi mthunzi wa mtengo ndi kakontena kodzaza mawaya. Anamasula chipulasitiki chakuseri kwa chiwongolero n'kundiitana kuti ndione, poti anamva kuti mwini kamtengo ndine. Anandionetsa kuti kamtengoko kalibe mphamvu iliyonse. M'kati mwake muli tizitsulo timene timakhudzana mukakatsitsa, ndipo tikakhudzana moto umadutsa m'waya kupita ku kainjini kali kunsi kwa galasi, kameneko ndi kamene kamayendetsa mawaipa. Kamtengo kamangouza, anatero, ndipo kouzako kakhoza kukhala kulikonse kumene waya angafike. Zinandinyansa kumva kuti ntchito yanga yonse ija inali kukhudzitsa tizitsulo.

Anatulutsa kamtengo kena kakafupi kamene anachotsa m'galimoto yakufa, nati akamangirira kumanja, kunsi kwa ka indiketa, poti chala chaching'ono chizifikapo. Ndinayamba kuwapanikiza. Nanga akafuna kupukuta n'kukhudza indiketa, wa kumbuyo n'kuyesa kuti akumuuza adutse, pakona? Nanga madzi ofayira? Nanga kupuma kuja kwa mvula yowaza, kakhala nako kamtengo ka galimoto yakufa? A Symon anayankha chilichonse osakwiya, mpaka ndinasowa chofunsa. Kenako anati ndisadandaule, kanga sakachotsa. Angolumikiza katsopanoko pambali, tonse tiwiri tizigwira ntchito, wina akachedwa wina ayatsa.

Apo ndiye mtima unakhala pansi. Ndinawagulira a Symon madzi ozizira a m'pepala, ndinakhala pa tayala n'kumawaonerera akusenda mawaya. Ndinkadziwa kuti ndapambana. Mpando ndi wanga, kamtengo ndi kanga, a Lorenso nawo apeza kachidole kawo. Dzuwa linatentha monga limatenthera pa Dyeratu, ntchito inatha chakumasana.

A Symon anati tiyese. Tinalowa, aliyense pampando wake, a Lorenso analiza injini n'kugwira chiwongolero ngati ali pamsewu. A Symon anaima kutsogolo ndi ndowa. Anakhuthula madzi pagalasi, khwaa, ndipo mawaipa anayamba pompo. Ndinayang'ana, dzanja langa lili pakamtengo kanga. Sindinalitume, linangopita lokha. Chala cha a Lorenso chinali chikufufuzabe kunsi kwa chiwongolero.

Ndinaseka pang'ono, ndinati pepani, chizolowezi. Ndinazimitsa n'kupinda manja pachifuwa. A Symon anakatunganso madzi. Ndinadziuza kuti Clotilda, khala phee. Madzi atangomenya galasi, msewu wa kutsogolo n'kusowa, thupi langa lonse linadzidzimuka, ndipo pozindikira mawaipa akuthamanga, dzanja lomwe lija lafika kale.

A Lorenso anachotsa dzanja pachiwongolero n'kuliika pamwendo. Sanakalipe. Anasuzumira pawindo n'kunena motsitsa.

"Basi, a Symon, takhuta. Katsopanoka kachotseni. Amene amatha ndi awa."

Ndinawayang'ana nkhope. Inali nkhope imene ndinaiona m'chipatala tsiku limene namwino ankawamanga mabatani a malaya, iwo atayang'ana kudenga. Ndinali nditaiwala kuti amuna anga ali ndi nkhope yotero. Ndipo ndinadziwa, chifukwa dzanja langa ndimalidziwa, kuti bola kamtengo kanga kali moyo, ndidzawapitirira nthawi zonse. Pamvula iliyonse, pakona iliyonse, mpaka tidzakalambe. Sadzaphunzira, ndipo sadzandiletsa, adzangokhala chete choncho.

Ndinatsika, ndinazungulira galimoto, ndinakaima pamaso pa a Symon.

"Dulani waya wa mbali yanga."

A Symon anaika ndowa pansi. Anandifotokozera, pang'onopang'ono monga mwa iwo, kuti akadula ndiye kuti adula. Mvula ikatipeza pakona, bambo n'kuchedwa, ine ndidzatsitsa kamtengo kanga mpaka kathyoke koma palibe chidzayende.

"Ndamva, sindine wogontha. Dulani."

A Lorenso anati mayi a Glory, taganizani kaye. Ndinawauza kuti akhale chete, kamtengo ndi kanga, ndichita nako zimene ndikufuna. A Symon anawerama ndi pulayala, anadula, anakulunga nsonga ndi tepi yakuda n'kubwezera chipulasitiki chija. Sizinatenge nthawi. Anathiranso madzi, ine nditaima panja, ndipo ndinaona kudzera m'galasi lonyowalo mutu wa a Lorenso utawerama kufunafuna, kenako mawaipa ananyamuka. Pobwerera kunyumba ine ndinkayang'ana minda ya nzimbe kuti asaone maso anga.

Patapita masiku tinapeza nsomba zina. M'mawa wa ulendo ndinadzuka, ndinawaphikira tiyi, ndinalongedza madengu kumbuyo monga mwa nthawi zonse. Dengu lomaliza ndinalinyamula n'kuliika pampando wa kumanzere, ndinalimanga lamba kuti lisagwe m'makona, n'kutseka chitseko. Ndinali nditasankha ndekha, ndipo sindinafune kuti wina achite kundiuza kuti tsala. Ndinawauza kuti ayende bwino, asamapikisane ndi minibasi, akafika aimbe foni. Mawu anatuluka bwinobwino, ndinadzitamanda.

A Lorenso anayang'ana dengulo, anayang'ana ine. Anatsegula chitseko, anamasula lamba, analikoka ndi dzanja lawo limodzi n'kulitsamiritsa pachiuno, ndipo anakalipanikiza kumbuyo pamwamba pa anzake mpaka nsomba zina zinathyoka mitu.

"Ukufuna ndiziyankhula ndi mlamba mpaka ku Limbe? Kwera."

Ndinawakalipira chifukwa cha nsomba zothyokazo, ndinati amenewo ndi malonda, si nkhuni. Ndinapita kukasintha chitenje, ndinakwera.

Kuchigwa kunali dzuwa. Tinawoloka mlatho wa Shire, madzi ali ofiira, tinadutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera. Pakona yachitatu kapena yachinayi dontho loyamba linagwa pagalasi, lalikulu, kenako anzake. Kutsogolo kunali lole ya simenti ikukwawa. Dzanja langa linadumpha, linatsitsa kamtengo kanga, palibe chinachitika. Ndinalibweza, ndinalikhalira pansi pa ntchafu.

Madontho anachulukana. Nyali zofiira za lole zinayamba kusungunuka m'galasi. Pakamwa panga panadzaza mawu, yatsani, yatsani bambo inu, koma ndinaluma mlomo mpaka ndinamva kukoma kwa magazi. Ndinayang'ana dzanja lawo. Linamaliza kukhota, chiwongolero chinawongoka, chala chaching'ono chinatsika, chinaphonya, chinabwereranso.

Mawaipa ananyamuka. Anachedwa, ndithu anachedwa, ine ndikanayatsa kalekale. Koma lole inaoneka, phompho linaoneka lili kumbali kwake, ndipo a Lorenso anatsitsanso kamtengo kawo mvula italimba, osandiyang'ana n'komwe. Ndinakhalirabe dzanja langa mpaka pamwamba pa phiri, ndipo pofika kumeneko linali litachita dzanzi.