Kalata ya Nkhoswe

Sabata yonseyo a Yotamu tulo sankationa bwino. Ankangotembenuka, osadziwa chowavuta.

Mng'ono wawo Fanuel, mphunzitsi wopuma pa ntchito, anali atamwalira. Anasiya mkazi, a Nangondo, amene anakhala naye zaka makumi atatu pa ukwati wa chinkhoswe, wopanda setifiketi. Ku ofesi ya penshoni anawauza mayiwo kuti abwere ndi kalata ya nkhoswe ya kuchimuna, yotsimikiza kuti analidi mkazi wa malemu. Nkhosweyo anali a Yotamu, amene analandira udindowo kwa malume awo, malemu a Zakeyu.

A Nangondo anabwera kwa a Yotamu kawiri kudzapempha kalatayo. Ulendo wachiwiri anagwada pakhonde ndi mbale ya mtedza wokazinga wopanda mchere, pokumbukira kuti alamu awo mchere anawaletsa kuchipatala.

"Mlamu, paja tinakusudzulani," anatero a Yotamu. "Mwambo unatha. Lero ndilembe kuti ndinu mkazi wa pano? Penshoniyo ndi ya abale."

"Ndamva, alamu. Ambuye akusungeni."

Mtedzawo anausiya.

Lachisanu m'mbandakucha a Yotamu analota ali pabwalo la kwawo kwa a Nangondo, tsiku la chinkhoswe lija. Azimayi ankalulutira koma mawu osamveka. Kunkanunkhira nkhuku yootcha, komanso dothi lonyowa. Pampando panali a Zakeyu, atavala jekete yomwe anawaika nayo m'manda, dothi lofiira lili m'mapewa. M'manja ananyamula thadzi.

"Yotamu, nkhuku iyi anailandira ndani?"

"Inuyo, malume."

"Nanga yootchayo, ntchafu anadya ndani?"

"Ine."

"Unadya anthu akuona."

"Koma tinamusudzula, malume."

"Posudzula tinkamasula munthu kuti apite ndi mtendere. Zaka zake sitinkafufuta. Mng'ono wako anadwala chigonere miyezi isanu ndi iwiri. Ankamutembenuza ndani? Iwe unapitako kangati?"

Malume aja anaimirira, nawaikira a Yotamu thadzilo m'manja. Linali lozizira, lolemera ngati mwana wakufa.

"Silako ili. Kapereke."

A Yotamu anadzidzimuka mikono ili dzanzi. Anagwada pambali pa bedi kuti apemphere, koma pemphero linathera pa "mutikhululukire."

Dzuwa likutuluka anali atakwera njinga. A Nangondo anawapeza akusesa pakhomo.

"Alamu! Kwagwanji m'mawa uno?"

"Valani nsapato, mlamu. Tipite ku boma."

Mayiwo anaika tsache pansi. Kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi madzi ofunda m'beseni.

"Sukusulani kaye, fumbi lakuyeretsani."

Ku ofesi anadikira pabenchi mpaka masana. Kalaliki atawaitana, anasuzumira pamwamba pa magalasi.

"Bambo, mayiwa ndi ndani wanu?"

A Yotamu anavula chipewa.

"Ndi mkazi wa mng'ono wanga. Nkhoswe ndine. Ndisaine pati?"