Salimoni Yoyamba ya Tokuji

Ndiye kuti akudziwa, apo ayi bwanji Masaji, mng'ono wake amene chaka chilichonse amangoima kumtunda manja ali m'matumba, lero walowa naye m'bwato n'kuyamba kupalasa popanda womupempha? Tokuji anafinya mkondo wa mbedza uja mpaka zala kuchita dzanzi. Kugombe anthu anali ataima kale ndi zovala za mwambo, moto ukuyaka, mphasa itayalidwa, kudikira nsomba ya salimoni yoyamba ya chaka kuti aipereke kwa mizimu ya mtsinje. Yobaya nsombayo inali ntchito imene bambo awo anasiyira iye, osati Masaji, ndipo boma linawalola kubaya salimoni m'mawa umodzi wokhawu basi.

Koma pansi pa madzi sankaonapo kanthu. Chilimwe chonse ng'ala inali ikukwawa m'maso mwake, poyamba ngati utsi, kenako ngati madzi otsukira mpunga, ndipo sanauze munthu, ngakhale mwana wake Fumie, amene — inde, wakumbukira tsopano — masiku ano amamuikira tiyi m'manja mwenimweni, osati patebulo ngati kale. Ha, mwana wochenjera uja! Ndiye kuti onsewo akhala akunong'onezana kukhitchini, kumuchotsera zinthu panjira mwakachetechete, kumulera ngati khanda, iye amene kale ankadziwa nsomba yaikazi ndi yaimuna pongoona mthunzi ukudutsa pa miyala. Manyazi anamutentha khosi.

"Achimwene, kumanzereku," Masaji ananong'ona.

"Ndaiona kale. Palasa iwe, usandiphunzitse."

Bodza lenileni, sanaone kanthu. Nanga kumanzereko kulidi nsomba, kapena munthuyu akufuna kuti abaye mwala pamaso pa mudzi wonse, mbedza ithyoke, akazi agwire pakamwa, mawa anene mwaulemu kuti mkuluyu watopa, mkondo upite kwa wamng'ono? Ayi, Masaji si wotero, ndi mwana uja Tokuji ankamubereka kumsana powoloka mtsinje womwewu — komatu ndi yemweyo amene sanalire pa maliro a bambo, anangoyang'ana mkondo uli pakhoma.

Kumanja, pamadzi osaya, china chake chinaphiriphitha. Khutu silinama, anadziuza. Anatembenuka, n'kubaya ndi mphamvu zake zonse.

Mbedza inagwira. Kugombe wina anakuwa mokondwa, mtima wa Tokuji unadumpha, koma nsombayo sinalimbe, inangobwera yokha ngati nsanza yonyowa, ndipo ataigwetsera m'bwato n'kuikhudza, khungu linasendeka m'zala zake, mimba ili phwa, mchira wothetheka, fungo la chinthu chimene chayamba kuola chisanafe. Inali yoikira kale mazira, yongodikira imfa, imene ngakhale khwangwala amaidya monyinyirika. Ngakhale mwana wamng'ono sakanaibaya. Yotereyi kuipereka kwa mizimu n'kutukwana.

Phokoso la kugombe linazilala pang'onopang'ono. Aona? Patali chonchi, mwina ayi. Bwato linazungulira, ndipo anazindikira kuti Masaji walitembenuza dala, waika msana wake pakati pa iye ndi anthu.

"Itayeni msanga," anatero Masaji chapansipansi. "Bweretsani mkondowo. Ndibaya ine, kumtunda mukanyamula ndinu."

Dzanja la Masaji linali litatambasulidwa kale, analimva likukhudza mtengo wa mkondo. Tokuji sanausiye. Anadzutsa mutu, natong'ola maso mpaka misozi kutuluka, kufuna kuona kamodzi kokha ngati pankhope ya mng'ono wakeyo pali chisoni kapena kumwetulira. Pamalo pa nkhope panali poyera chabe.