A Darmadi Aphunzitsa za Bipi

Wartini, namwino wa pachipatala chathu chaching'ono, atabwerako kumaphunziro a milungu iwiri ku Semarang anasintha kachitidwe. Kale ankangotipatsa mapiritsi, ife n'kugwedeza mitu n'kumapita. Tsopano anayamba kutisonkhanitsa pakhonde la chipatala Lachitatu lililonse, ife a shuga ndi a bipi, ndipo akafotokoza kanthu ankafuna aliyense abwereze m'mawu akeake. Apo m'pamene zinaululika kuti ine zaka zitatu zonse ndinkayesa shuga wofiira wa kokonati saloŵa m'magazi.

A Darmadi, amene anaphunzitsa kupulayimale zaka makumi atatu asanapume, ankabwera nawo, koma ankati akungoperekeza akazi awo, Mayi Sumirah. Ankakhala kumbuyo atapinda manja, ntchito n'kukonza zilembo za Wartini pabolodi. Wartiniyo anali mwana wawo wa m'kalasi yachinayi, choncho ankangofufuta n'kulembanso.

Tsiku lina Wartini anapempha a Darmadi mwaulemu kuti atambasule mkono awayeze bipi. Nambala imene makina anasonyeza inali yokwera kwambiri. A Darmadi anati makinawo ndi okalamba kuposa iwo, ndipo munthu wodwala amadzimva yekha. Mapiritsi amene anapatsidwa chaka chatha anamwa masiku khumi, mutu utasiya n'kuleka. Mayi Sumirah anawonjezera kuti otsalawo ali m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi mabatani, ndipo bambowa sakhudza mpunga ngati palibe nsomba zouma zamchere.

Wartini sakanatha kukalipira mphunzitsi wake. Anthu atabalalika anawatsatira mpaka pamene anaimika njinga.

"Aphunzitsi, ine kubaya jekeseni ndimatha, koma kuphunzitsa kwandikanika. Agogowa sandimva. Mungandithandizeko sabata yamawa?"

"Ndinaona kalekale," anatero a Darmadi, nalandira kabuku kamene Wartini anabwera nako kuchokera kumaphunziro kuja.

Mayi Sumirah anatiuza kuti kabukuko a Darmadi anakaŵerenga katatu, cholembera chofiira chili m'manja. Poyamba ankasaka zolakwika ndipo anapeza ziŵiri. Atafika patsamba lonena kuti bipi imatha kuwononga impso ndi kufoola ziwalo munthu asakumva kanthu, anasiya kulemba.

Lachitatu anabwera atavala malaya a batiki ositidwa, rula ili m'khwapa. Anatiitana mayina, natikhazika m'mizere. Agogo a Ponijem, a zaka makumi asanu ndi atatu, anawasamutsira kutsogolo chifukwa cholongolola. Kunena zoona anaphunzitsa bwino. Anabwera ndi paipi yothirira ndiwo, naifinya kukamwa kuti tione mmene madzi amakankhira m'mbali. Anatibwerezetsa mpaka tinaloŵeza kuti mankhwala a bipi sasiyidwa chifukwa choti mutu wasiya.

Ine ndinakweza mkono n'kufunsa ngati aphunzitsi amwa awo m'maŵa uno. Anayankha kuti mafunso akhale a phunziro.

"Anayamba Loŵeruka," anatero Mayi Sumirah. "Amamwera kuseri kwa kabati, amayesa sindikuona."

Khonde lonse linaseka, iwo n'kugogoda rula patebulo.

Patatha miyezi iŵiri nambala yawo inatsika, ndipo za ukalamba wa makina sanazitchulenso. Nthaŵi imeneyo n'kuti mbiri ya kalasi yathu itamufika dokotala Bramantyo, amene amatiyendera kamodzi pamwezi. Anabwera kudzaonerera atakhala pabenchi lakumbuyo. Agogo a Ponijem anafunsa chifukwa chake a shuga amauzidwa kuyang'ana kumapazi tsiku ndi tsiku, ndipo a Darmadi analoza dokotala ndi rula kuti ayankhe.

Dokotala anaimirira nayankha bwino ndithu, koma m'mawu a m'mabuku awo. A Darmadi anatembenukira kwa agogo n'kuwafunsa chimene amva. Agogo anati amva kuti mwanayu anaphunzira kwambiri.

"Bwerezani, adokotala," anatero a Darmadi.

Kachiŵiri agogo anatolapo mawu amodzi okha, mitsempha. Kachitatu dokotala, thukuta lili kamukamu, anavula nsapato, naloza kuphazi kwake, nati shuga amagonetsa phazi, mwakuti munga ungakubaye kumunda iwe osamva, bala n'kumakula. Agogo anagwedeza mutu, nabwereza zonse osaphonya, kenako anavula patapata kuti dokotala awaone chala chimene chinkawadabwitsa kuyambira sabata yatha. Panalidi kabala. Wartini anakatsuka pomwepo, dokotala atagwada pambali pake ndi sokosi imodzi.