Mpata wa Chala Chimodzi

Ntchito ya matabwa ndaigwira zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo ndimapsa mtima munthu akafuna kundiphunzitsa kagwiridwe ka sowo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti zomwe ndinachita m'khitchini muja sindinazichite mosadziwa.

Madamu a nyumbayo anandiitana m'nyengo yotentha. Anandikhazika pampando n'kuyamba kundionetsa zithunzi pa foni, khitchini iyi, khitchini iyo, zonse zoyera mbee ngati simuphikidwa kanthu. Pansi ankafuna matabwa oyererako, a mtundu wa tiyi wochuluka mkaka. Makabati akhale oyera, zogwirira zakuda. Kachipinda kosungiramo zakudya kakhale ndi mashelefu opanda zitseko kuyambira pansi mpaka kudenga, kuti mabotolo a shuga, mchere ndi mpunga azioneka atandandalika. Ndipo matabwa apansiwo ayende kuchokera pakhomo la khitchini mpaka kulowa m'kachipindamo osaduka, kuti malo azioneka aakulu.

"Zitheka, a kalipentala?"

"Zitheka, madamu. Koma matabwa oyera sasunga chinsinsi. Kadontho ka mafuta kamaonekera patali."

"Izo ndi za Anti," anatero akuseka.

Anti anali mayi wantchito wa m'nyumbamo, wamfupi, wa imvi m'mbali mwa mutu, wosasiyana ndi kansalu paphewa. Anali atagwira pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ana onse atatu a madamu anakulira kumsana kwawo. Masiku amene ndinkapanga makabati, Anti ndiwo ankandibweretsera tiyi, ndipo pofika tsiku lachiwiri anali atadziwa kale kuti ndimathira masipuni atatu.

Tsono pali malamulo awiri amene aliyense woyala matabwa amawadziwa. Thabwa ngakhale litadulidwa kalekale limamwabe chinyezi cha mumpweya. Kukauma limafota, mvula ikayamba limatupa. Lamulo loyamba nlakuti matabwa agone kaye m'nyumbamo sabata yathunthu kuti azolowere. Lachiwiri nlakuti m'mbali monse mwa khoma uzisiya mpata wolowa chala chimodzi, thabwa likatupa lipeze kopita. Mpatawo umabisika ndi kathabwa koyenda m'munsi mwa khoma kamene timati sikating'i.

Matabwa anafika mochedwa, Lachitatu, kuchokera m'nyumba yosungiramo katundu yotentha ngati uvuni. Apongozi a madamu anali kubwera Loweruka kudzaona khitchini yatsopano, ndipo ine Lolemba ndinali ndi ntchito ina yaikulu kwina. Sikating'i imene madamu anasankha inali yopyapyala ngati rula ya mwana wasukulu, poti ndi imene inali pachithunzi. Mpata wa chala sikanauphimba. Ndikanangonena mawu awiri okha, akuti iyi siyikwanira ndipo tidikire sabata. Koma madamu anali atandiyamikira kale kwa anzawo kuti ndine kalipentala wosachedwetsa ntchito, ndipo ine mawu otero amanditupitsa mutu. Ndinayala matabwa tsiku lomwelo, n'kuwakanikiza mpaka kukhoma, gwa!

Kukongola kokha kunalipo, ndisaname. Dzuwa likalowa pawindo pansi ponse pankawala, mizere ya matabwa ikuthamangira m'kachipinda muja mowongoka bwinobwino. Madamu anavula nsapato n'kuyendapo ndi mapazi, akujambula. Anti anaima pakhomo osalowa.

"Bambo, nanga pamenepa ndizikolopa bwanji?"

"Kansalu konyowa pang'ono, Anti. Muzikafinya mpaka kaleke kudontha. Madzi asaime."

Ndisanachoke ndinawaona atagwada, akupukuta thabwa limodzilimodzi motsata mzere wake, munthu wamkulu ngati uja.

Panapita miyezi inayi. Mvula inayamba, ndipo inagwa masabata atatu osalekeza. Foni italira m'mawa wina n'kuona kuti ndi madamu, ndinadziwa chimene chachitika ndisanayankhe n'komwe.

Ndinapeza pansi patatukumuka pakhomo penipeni pa kachipinda ka zakudya. Matabwa anayi anali atakankhana n'kunyamuka ngati msana wa mphaka wokwiya, moti chitseko sichinkatsekeka. Ndinagwada, n'kupita kukhoma, n'kuyesa kulowetsa nsonga ya mpeni pansi pa sikating'i. Sinalowe. Matabwawo anali atalimbana ndi khoma mbali zonse ziwiri, n'kusowa kolowera koma m'mwamba. Pamwamba pake panali posalala, popanda banga ngakhale limodzi la madzi, ndipo thabwa lothiridwa madzi limada m'mphepete, aliyense wa ntchito yathu amadziwa.

Madamu anali ataima kumbuyo kwanga atapinda manja. Amuna awo analinso pomwepo, makiyi a galimoto m'manja, nkhope itachita tsinya. Anti anali pafupi ndi sinki.

"Ndauza abambo kuti ndi madzi," anatero madamu. "Anti amakolopa kawiri pa tsiku. Ndawaletsa ndatopa. Si madzi amenewa, a kalipentala?"

Abambowo anandiyang'ana. "Kapena ndi kayalidwe?"

Ndinaganiza za anzawo a madamu, atatu mwa iwo atandipatsa kale ntchito chifukwa cha khitchini yomweyi. Ndinaganiza za dzina langa likuyenda m'mafoni mwawo. Kenaka ndinapeza mawu oti ndibisalemo.

"Matabwa ndi chinyezi sizigwirizana, bwana. Akamwa amatupa chonchi."

Palibe bodza m'mawu amenewo, ndipo n'chifukwa chake amandinyansa mpaka lero. Ndinawasankha bwinobwino, monga ndimasankhira msomali woti usang'ambe thabwa.

"Mwamva?" anatero madamu, akutembenukira kusinki.

"Madamu, ine ndimafinya," anatero Anti motsitsa mawu. "Ndimafinya mpaka manja kuwawa."

"Ndiye mukuti kalipentala akunama?"

Anti anandiyang'ana ine, osati mwaukali, koma ngati munthu amene akudikira kuti mnzake amalize zomwe wayamba kunena. Ine ndinatulutsa tepi n'kuyamba kuyeza malo osafunika kuyeza.

Ndinkadziuza kuti angowakalipira basi, munthu wagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sachotsedwa chifukwa cha matabwa anayi. Kunyumba ndinangokhala pakhonde mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati mutu. Ndinatsimikiza mumtima kuti pobwerera kukakonza ndikawatengera madamu pambali n'kuwauza zoona, abambo kulibe. Ndinakonza ngakhale mawu oyambira.

Ndinabwerera Lachisanu ndi zida zanga. Madamu anandilandira ndi nkhope yowala.

"Musadandaule, sizidzachitikanso. Anti akupita lero. Akula, a kalipentala, maso sakuonanso bwino, ndipo ukawauza chinthu amachita zawozawo. Ndapeza wina, ayamba Lolemba."

Apa ndiye panali poti ndinene. Mawu aja ndinawakonza ndinali nawo. Koma madamu anali atayamba kale kundiuza za mchemwali wawo amene akufuna khitchini yonga yomweyi, koma ya mashelefu akuda, ndipo ine ndinamva pakamwa panga pakufunsa kuti chipindacho n'chachikulu bwanji.

Madamu atapita kuntchito, ndinatseka chitseko cha khitchini ngati wakuba. Ndinazula sikating'i, n'kuyamba kudula m'mphepete mwa matabwa motsata khoma, chala chimodzi, chala chimodzi. Nditangomaliza mbali ya kachipinda, matabwa otukumuka aja anayamba kutsika okha pang'onopang'ono. Ndinaika zitini za penti pamwamba pake kuti agone. Ndinali nditagula sikating'i yonenepa ndi ndalama zanga, ndikudzinamiza kuti pamenepo ndalipira mlandu.

Chitseko chinatsegulidwa. Anali Anti, atavala diresi lopitira kutchalitchi ndi nsapato zotseka, chikwama chachikulu atachisiya pakhonde. Anali atanyamula tiyi pathireyi. Anayang'ana utuchi umene unali m'mbali mwa khoma, n'kuyang'ana sowo m'manja mwanga. Ndinasowa poika maso.

"Anti, pepani ndi zomwe zachitikazi," ndinatero. "Mwina madamu mtima ukatsika..."

"Imwani tiyi, bambo, angazizire."

Anaika thireyi pakauntala, n'kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma akuyang'ana pamene ndinadula. Anafika pa furiji n'kuima.

"Kuseri uku simunadule."

"Mwati bwanji?"

"Kuseri kwa furiji, ndi pansi pa shelefu yomaliza m'kachipindamu. Nakonso munakanikiza. Malemu amuna anga anali kalipentala, bambo. Ndawagwirira matabwa zaka khumi ndi ziwiri."

Ndinakhala pa chitini cha penti.

"Ndiye munkadziwa? Bwanji simunanene tsiku lija?"

"Ndikananena ndani akanandimvera, wokolopa kutsutsana ndi mmisiri? Ndinati munthu wamkulu uyu anena yekha." Anakonza mpango wawo kumutu. "Ndinadikira Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Foni ya madamu ikalira ndinkati ndi inu."

"Ndiwauza, Anti. Lero lomwe ndiwaimbira."

Anaseka pang'ono, kuseka kosaonetsa mano. "Madamu anandinenera mawu pamaso pa ana amene ndinawasambitsa ndekha. Ngakhale muimbe, ine m'nyumba muno sindingagwirenso tsache." Anatenga kansalu kamene kanali pa sinki, n'kukapinda bwino, n'kukabwezera pomwepo. "Chomwe ndikupemphani n'chimodzi. Sunthani furijiyo mudule. Amene akubwera Lolembayu ali ndi ana awiri, ndipo mvula siinathe."

Anatuluka. Ndinamva geti ikutsegulidwa, n'kutsekedwanso mosamala kuti isachite phokoso. Ndinasuntha furiji ndekha, ndinadula, ndinadulanso pansi pa shelefu yomaliza. Madamu atabwera madzulo anayenda pakhitchini ponse akupondaponda, n'kunena kuti amisiri oona mtima ngati ine atsala ochepa. Ine ndinati zikomo.